A Fulgenzio ndi Chipata Chopapatiza

Bambo Mfumu Don Ilario, a Meya athu, Mayi Assunta, akazi a Fulgenzio, ndi ana, inu onyamula chiboliboli ndi anzanga a kwaya, ndakulonjerani nonse. Ndine Ermelinda, wosesa m'tchalitchi muno. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mawu angawa akundiwerengera ndi mwana wanga Nives, amene akulowa m'malo mwa a Fulgenzio ngati wosamalira tchalitchi. Ndamuuza kuti asafewetse ngakhale liwu limodzi.

A Fulgenzio, zaka makumi anayi! Achinyamata simudziwa mmene anayambira. Chaka chawo choyamba, pa chikondwerero cha Roko Woyera, ndiwo ankatsogolera onyamula chiboliboli potsika phirili. Atafika pachipata chakale chija, chopapatiza ngati khomo la khola, anakuwa kuti, "Dutsani, anyamata, akwana ameneyo!" Sanakwane. Roko anagunda mutu, kagalu kosema ka pamapazi pake kanaduka mchira. Mayi anga anagwada pamsewu pomwepo. A Fulgenzio anatola mchirawo, kuponya m'thumba, n'kuyambitsa nyimbo.

Anaumata okha, mozondotsa. Mpaka lero alendo akafunsa, amayankha osaphethira: "Luso la amisiri akale limenelo, jambulani."

Koma kuyambira chaka chimenecho Roko sanagundenso. Inu a Fulgenzio mumadziwa phazi loyambira, popendeketsa ndi powerama. Denga likadontha munkakwera nokha. Tsiku la maliro a amuna anga ndinu munaliza belu, misozi ili m'masaya. Zikomo, achimwene.

Tsono nayi nkhani yanga. Chikondwerero chatsala milungu itatu, ndipo kadutsidwe ka pachipata paja simunauzeko munthu. Nives akafunsa mumangoti, "Udzaona patsikulo, mwanawe." Adzaona chiyani? Mutu wa woyera ukugubuduzika mpaka kumsika? Mwana wangayu ndiye mkazi woyamba kugwira makiyi a tchalitchi chino, ndipo alipo ena muno, sindiwatchula, amene akudikira kuti alakwitse. Ine manyazi amenewo ayi.

Kapumeni, a Fulgenzio, mwagwira ntchito. Kasamalireni mpesa wanu, Mayi Assunta azikuonaniko masana. Koma Loweruka m'mawa mukapezeke pachipata ndi Nives, mukamuonetse zonse, phazi ndi phazi. Ngati mwavomera, gwedezani mutu pompano, pamaso pa Bambo Mfumu.

Anzanga, konzekerani manja koma musawombe kaye. Tonse maso kwa a Fulgenzio. Akangogwedeza, wombani mpaka amve a kuchigwa!