Ndinanenerera Mapiritsi a Chithokomiro

Moni nonse amene mukuwerenga, abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Chitipa ndi a kwathu ku Balaka omwe. Eni dera amati monire mose, ndipo nanenso ndatero. Ine ndine uja wogulitsa zitenje mumsika wa pa Boma, amene ambiri mumanditchula kuti a Punguza. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a chithokomiro amene anandigwira, ndi momwe nzeru zanga za pamsika zinatsala pang'ono kundiika m'manda.

Dzina la Punguza ndinalitola ku Tunduma, ku Tanzania, kumene timakapikula katundu. Chiswahili sindichidziwa, koma mawu amodzi ndinawagwira tsiku loyamba lomwe: punguza, kutanthauza kuti tsitsa. Wogulitsa asanamalize kutchula mtengo, ine ndinali nditanena kale. Ndinkanenerera chilichonse, wa kabaza, wa tomato, ngakhale wometa ndinkamuuza kuti dazi langa lamugwirira kale theka la ntchito. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu aliyense akatchula nambala, waikapo kale ya pamwamba yoti muchotserane.

Matenda anayambira m'manja. Ntchito yanga ndi sizasi, chifukwa nsalu imabwera yaitali ndipo ndimadula chitenje chimodzichimodzi wogula ali pomwepo. Tsiku lina ndinaona sizasi ikuyenda mokhotakhota ngati msewu wa ku Misuku, manja akunjenjemera okha. Kenako mtima unayamba kugunda ngati ndathamanga, chikhalirecho ndili pa benchi. Mwezi wa Juni, mphepo ya Chitipa ikuwomba anthu atadzikuta majekete, ine thukuta lili kamukamu. Ndinkadya ngati anthu atatu koma lamba ndinkamuboola ndi msomali mwezi ndi mwezi. Maso anatuluka, ndipo pakhosi panatupa kanthu kamene kankakwera ndi kutsika ndikameza malovu.

Choipa kuposa zonsezi chinali ukali. Sindinkadziwa kuti nawonso ndi matenda. Ndinkakalipa chifukwa cha supuni, chifukwa cha chitseko, chifukwa choti mwana waseka. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, anapirira mpaka anatopa, ndipo tsiku lina anatenga ana n'kubwerera ku Balaka. Sanatukwane. Anangoti akapume kaye, ndipo ine m'malo mopepesa ndinawauza kuti asaiwale ambulera yawo.

Ukadwala kwa eni, ngakhale miseche yonena za iwe mwini suyimva. Umangomva dzina lako likudutsa pakati pa Chilambya kapena Chitumbuka, kenako anthu n'kukhala chete ukacheuka. Zina zinkandifika m'Chichewa. Ena ankati ndi kachilombo. Ena ankati ndinakhwimira bizinesi, ndiye chimene ndinameza kwa sing'anga chandikhala pakhosi. Amayi amene ankakonda kudzatsutsana nane mtengo anayamba kugula pa benchi ya wina. Kutchalitchi anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma pa mpando wanga malo a mbali zonse ziwiri ankatsala, ngati ndawalipirira.

Nditapita kuchipatala, amene anandiona anandigwira pakhosi, n'kuwerenga kugunda kwa mtima, n'kunena kuti magazi anga akayezedwe ku Mzuzu. Kumeneko adokotala anandifotokozera bwino. Anati chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi kamene aliyense ali nako, ndipo kamauza thupi liwiro loyendera. Changa chinali ngati wa njinga yamoto amene wakoka moto wonse osausiya. Kuonda, thukuta, kunjenjemera, ukali, zonse zinkachokera pamenepo. Anandilembera mapiritsi atatu m'mawa uliwonse. Anati ndidzabwerenso adzayeze magazi, ndipo ndikadzamva zilonda kukhosi ndi kutentha thupi ndidzathamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Abale anga, apa ndi pamene ndimachita manyazi. Ndili m'minibasi kubwerera, ndinayang'ana kapepala kaja n'kudzifunsa kuti, atatu? Mumtima ndinati adokotalawa ndi munthu ngati ine, aikapo ya pamwamba. Ndinamwa atatu milungu iwiri yokha, manja n'kuyamba kukhazikika. Ndinati mwaona, ndiye ndinatsitsa kufika pa awiri. Kenako limodzi. Kenako ndinkadula limodzilo pakati ndi sizasi yomwe ija ya zitenje, ndikudzitama kuti paketi ya mwezi ndaifikitsa miyezi itatu, ndipo ulendo wa ku Mzuzu, wodzera ku Karonga tsiku lathunthu uli wopindika m'galimoto, ndauzemba. Tsiku lokayezetsa linadutsa ndili pa benchi. Mapiritsi atatha sindinapitenso.

Matenda anabwerera ngati munthu amene wamva kuti unkamuseka. Mtima sunkangothamanga, unayamba kudumphadumpha, kuima pang'ono, n'kuyambiranso. Kuchoka kunyumba kufika pamsika ndinkapuma kawiri. Ndinawonongera mayi wina nsalu ya chinkhoswe, ndipo anachoka akulira. Kubwerera kuchipatala ndinkaopa, chifukwa ndikanakanena chiyani? Kuti ndinawachotsera adokotala?

Ndinatseka benchi n'kukhala m'nyumba masiku asanu. Palibe anagogoda. Sindikudandaula za munthu, aliyense ali ndi zake, koma ndinazindikira kuti zaka zonse ndakhala kuno ndinali ndi makasitomala okhaokha, ndinalibe mnzanga. Foni inali pa tebulo, nambala ya mayi a Chisomo ili momwemo, koma nthawi zonse akaimba ndinkawauza kuti ndili bwino ndipo bizinesi ikuyenda, ndiye analeka kufunsa. Ndinkangomva njinga zamoto zikudutsa panja, anthu akupatsana moni m'zinenero zawo, ine ndili chigonere kuwerenga malata.

Tsiku lachisanu masana ndinagwada, ndipo ngakhale pemphero langa linali la pamsika. Ndinati, Ambuye, sindikunena kuti muchotse matenda onse, tsitsaniko theka. Kumwamba kunali zii. Ndinati, chabwino, chotsaniko mtima wokhawu, zinazo ndipirira. Zii. Pamenepo misozi inabwera, ndipo ndinati, Atate, mtengo wanga womaliza ndi uwu, pansi pake palibenso: munthu mmodzi yekha andifunse kuti ndadzuka bwanji. Ndinanena amen ndisakuyembekezera kanthu.

M'mawa mwake njala inanditulutsa. Pakhomo la msika pamakhala mayi wina wa ku Misuku, mayi Namasebo, amene amatsika ndi nthochi kawiri pa mlungu. Mayi amenewa ndinawazunza zaka zambiri. Phava lililonse ndinkalipezera chilema, ili laphwanyika, ili silinapse, mpaka atsitse n'kuikapo basela. Tsiku limenelo ndinalibe mphamvu. Ndinaloza phava, iwo n'kutchula mtengo, ine n'kupereka. Mayi aja sanalandire. Anandiyang'ana kuyambira kumaso mpaka kumapazi.

“A Punguza, mwagula osanenerera? Yayi, apa pali kanthu. Mwawuka uli, adada? Mwadzuka bwanji?”

Ndinangokhala pansi pambali pa dengu lawo, bambo wamkulu ndi dazi langa, n'kuyamba kulira pakati pa nthochi.

Sanandifunse zambiri. Anandigwira pamkono kumvetsera mtima, kenako anamasula mpango umene ankamanga m'khosi nthawi zonse, umene ine ndinkayesa kuti ndi wa mphepo. Pansi pake panali chipsera chopingasa khosi. Anati anandiona kalekale, munthu womaliza phava lonse ali chiimire koma n'kumaondabe, maso ali pamtunda, ndipo ankadziwa chimene chikundidya. Ankaopa kundiuza chifukwa cha pakamwa panga. Iwo chithokomiro chawo anachichotsa kuchipatala zaka zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo amamwa kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse asanadye, mpaka tsiku limene Mulungu adzawaitane. Anati nthawi ina anasiya poganiza kuti achira, ndipo anatupa nkhope, kuzizidwa dzuwa lili pamutu, mpaka kumagona tulo m'munda wa khofi khasu lili m'manja.

Atandifunsa za mankhwala anga, ndinaulula zonse, mpaka za sizasi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako nkhope inasintha.

“Nthochi zanga mumanenerera ndimakusiyani, chifukwa nthochi ikadulidwa pamaphuka ina. Nanga mitima muli nayo ingati, adada?”

Khalidwe silithera tsiku limodzi. Ndinawafunsa ngati sangandigawireko mapiritsi awowo, poti matenda ndi amodzi, kuti ulendo wa ku Mzuzu ndiuzembenso.

“Mwayambanso! Anga ndi owonjezera moto, anu ndi ozimitsa. Mukamwa angawa mawa tikuimbirani nyimbo. Mlungu wamawa ine nkhuluta ku Mzuzu kukayezetsa, ndipo imwe mukukwera nane. Pamenepa palibe punguza.”

Tinapitadi. Njira yonse anandikhazika pawindo, ndipo pa Karonga anandigulira madzi, munthu amene ndinkamulanda phindu la nthochi zake. Kwa adokotala ndinanena zoona, mayi Namasebo ali pakhomo kuti ndisathawe. Adokotala sanakalipe. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kundiuza kuti mtima watopa ndipo ndikanachedwa ukanatha kundigwetsa pamsewu. Anandibwezera pa mapiritsi atatu aja, n'kuwonjezerapo ena okhazika mtima pansi. Munthu amene ankafuna kuchotsera, anabwerako atamuwonjezera.

Kuyambira pamenepo mapiritsi ndimasunga m'chitini chimodzi ndi sizasi, kuti ndisagwire nsalu ndisanamwe. Tsiku loyezetsa ndinalilemba ndi choko pa thabwa la benchi, pamene ena amalemba mitengo. Mayi Namasebo akatsika ku Misuku sandigulitsa nthochi mpaka ndiwaonetse paketi, aone kuti mabowo akufanana ndi masiku. Mlungu wina ndinaiwala tsiku limodzi, ndipo ndinabwerera wopanda nthochi, amayi ena ogulitsa akundiseka. Kuseka kumeneko ndinakukonda, chifukwa ankaseka nane m'chinenero chimene ndikumva.

Ndinaimbiranso mayi a Chisomo n'kuwauza zoona. Ndinati ukali uja mbali ina unali matenda, koma mbali ina unali wanga ndithu, ndipo pa mbali yangayo ndikupepesa. Iwo anangofunsa ngati ndikudya. Sanabwerebe. Akuti aone kaye akakolola, ndipo sindinanenerere.

Patapita miyezi ndikumwa mokhulupirika, ndinapitanso kukayezetsa, ulendo uno ndekha. Adokotala anayang'ana pepala la magazi, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, “Bambo, zikuyenda bwino. Tsopano titsitse, muzimwa awiri.” Ndinaseka mpaka iwo anadabwa kuti mwina mankhwala andisokoneza mutu. Sakanamvetsa. Punguza amene ndinamuba ndi sizasi n'kutsala pang'ono kufa naye, anali m'njira kale, akubwera yekha pa nthawi yake, kuchokera kwa munthu amene waona magazi.

Sindikunena kuti ndachira. Pakhosi pakadali kotupa pang'ono, maso sanabwerere onse, ndipo adokotala akuti ulendowu ndi wautali, mwina kutsogolo tidzakambirana njira zina. M'nyumba ndikadali ndekha, ndipo masiku amene mayi Namasebo sabwera, nthawi zina dzuwa limalowa ndisanalankhule ndi munthu za china chilichonse kupatula mtengo wa chitenje. Koma sizasi ikuyenda mowongoka, lamba wabwerera pa bowo lake lakale, ndipo mtima ukugunda ngati wa munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana mitengo yanga iwiri yoyamba n'kulandira wotsika kwambiri uja. Ndinapempha moni wokha, Iye anaikapo moyo ngati basela. Ndikuthokoza mayi Namasebo, yewo chomene amama, ndi achipatala amene anandilandiranso osandichititsa manyazi.

Inu amene mukuonda mukudya, manja akunjenjemera, pakhosi patatupa, musabise ndi kolala ndipo musamvere za kukhwima, pitani akakuyezeni. Inu amene muli kale pa mankhwala, imwani monga anakulemberani, ngakhale mukumva bwino, ngakhale Mzuzu ili kutali. Pempherani, ndipo mukatha kupemphera mumwe. Ngati muli nokha kwa eni monga ine, limbani mtima, amene Mulungu wamutuma mwina ndi yemwe uja mumakangana naye pamsika. Ndipo mukaona munthu wakhala yekha pa mpando kutchalitchi, musendereni, mumufunse kuti wadzuka bwanji.

Dzulo ndinawauza mayi Namasebo kuti phava lawo ndi laling'ono, atsitseko. Anakweza manja kumwamba n'kuuza msika wonse kuti, “Aleluya, a Punguza achira!” Koma sanatsitse. Ambuye akusungeni nonse.