Kamera Yobwera Chikamwini

Kutatsala masiku atatu kuti mwana wawo Stella akwatiwe, a Yesaya, omwe anaphika pa loji ina ya ku Senga Bay zaka makumi awiri, analowa mu ofesi ya lojiyo atakulunga kamera m'thaulo ngati khanda. Anapezamo Lawson, kalaliki wolumikiza mafilimu a alendo pa kompyuta, munthu woti ukamufunsa ngati ali ndi wotchi amangoti "eya" n'kupitiriza ntchito.

"Iyi anandisiyira mlendo wa ku Amerika," anatero a Yesaya, akufunyulula thaulo. "Loweruka ijambula ukwati. Koma m'kasetimu muli kale malemu Pauline, amake Stella, akuvina. Uwaike koyambirira kwa filimu, kuti nawonso akhalepo pa ukwati wa mwana wawo."

Lawson anaitembenuza kamerayo n'kuwerenga kunsi kwake.

"Tiyambe taona ngati pulogalamu yanga iilandire. Apa palembedwa NTSC, kajambulidwe ka ku Amerika. Makina athu ndi a PAL, kajambulidwe ka kuno."

"Kamerayi yakhala m'nyumba mwanga zaka zitatu."

"Eya."

"Yagona m'sutikesi limodzi ndi jekete langa la ku tchalitchi. Fumbi la kumudzi kuno ku Maganga yalimwa. Sinazolowerebe?"

"Siizolowera, bambo."

"Iwe, ine ndinabwera kuno chikamwini kuchokera ku Dowa, ndisakudziwa ndi mutu womwe wa chambo kuti umadyedwa. Chaka chisanathe ndinali kuphunzitsa alamu anga kuotcha. Mkamwini amatsata za pamudzi pomwe wakwatira."

"Kamerayi sinakwatire."

"Ndiye ikwatitse. Mawaya uli nawo?"

"Ndili nawo atatu."

"Basi, ankhoswe akwana."

Lawson anatsegula dirowa, n'kutulutsa mawayawo, n'kuwayala patebulo mwadongosolo.

"Vuto si mawaya. Yawoyi imajambula zithunzi makumi atatu pa sekondi. Yathu imafuna makumi awiri ndi zisanu."

"Zisanu zotsalazo undisungire, ndikapachika pakhoma."

"Sizitsala motero."

"Nanga zimapita kuti? Umadya?"

"Ayi, ndadya kale mandasi."

A Yesaya anakoka mpando n'kukhala moyandikira, chala chili m'mwamba.

"Tamvera, mwanawe. Ano ndi masiku a matipate. Zosiyana zikukhalira pamodzi. Ngakhale ine Loweruka ndikhala pa benchi limodzi ndi asebele anga, atate ake a mkwati, iwo ndi chipani chawo chachikasucho. Miyezi itatu takhala tikukangana. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti m'nyumba mwa Yesaya simunalowepo chachikasu. Ngakhale nthochi timadya zisanapse."

"Zosapsa zimatseka m'mimba."

"Lumikiza mawayawo!"

Lawson analumikiza, n'kudina batani. Galasi la kompyuta linaphethira kawiri, kenaka panaoneka amayi ambiri akuvina pamchenga m'mbali mwa nyanja, onse otuwa ngati phulusa, chithunzi chikunjenjemera. Pakati pawo panali mayi wamfupi, wojintcha, akuponya phewa mopitirira anzake onse.

A Yesaya anavula chipewa.

"Ndi ameneyo," anatero motsitsa. "Taona phewalo. Ngakhale posinja ankatero."

"Akunjenjemera chifukwa cha zithunzi zisanu zija."

"Musiye. Ali moyo sankakhazikikanso." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya thaulo, kenaka anasuzumira pafupi. "Nanga mitundu ili kuti?"

"Ndi zimene ndimanena zija. Sizikulandirana. Mitundu ikutsalira m'kaseti."

"M'kadiso ka kamerayi ndimamuona wotuwa chonchi, ndimati n'chifukwa kadisoko n'kakang'ono. Ndabwera kuno kuti ndimuone mkazi wanga monga analili. Imenye pambali."

"Ndimenye chiyani?"

"Kompyutayo. Wailesi yanga ikamavuta ndimaipatsa khofi limodzi."

"Iyi ndi ya abwana."

"Ndiye imenye mwaulemu."

Lawson anaisisita kompyutayo pambali ndi zala ziwiri. Amayi aja anapitiriza kuvina ali otuwa.

"Stella akaone amake ngati chithunzi cha pa chitupa?" A Yesaya anaimirira. "Asebele anga akati chiyani? Akati kwa Yesaya ngakhale mitundu inawathawa. Sindichoka muno. Ndigona pansi pa tebuloli mpaka mitundu ituluke."

"Timatseka faifi koloko."

"Palibe njira ina, iwe?"

"Ilipo. Ku Lilongwe kuli kabokosi kosinthira NTSC kukhala PAL. Abwana akupita mawa, akhoza kubwereka. Lachisanu kafika."

"Bwanji osanena poyamba?"

"Simunafunse."

A Yesaya anaseka mpaka kutsokomola, n'kumumenya Lawson pamsana.

"Ndiye zonse zibwerera? Zonse?"

"Zonse. Nyanjayo ioneka yobiriwira, mchenga woyera, zitenjezo zachikasu."

Dzanja la a Yesaya linaima m'malere.

"Zachiyani?"

"Zachikasu. Onsewo anavala zofanana. Awo ali kumanzerewo ndi mayi anga. Linali tsiku la msonkhano wa chipani ku Chipoka, mlendo uja anakwera nawo lole."

"Pauline anandiuza kuti akupita ku kwaya."

"Anaimbadi. Ndiwo ankayambitsa nyimbo."

"Chitenjecho ine sindinachionepo."

"Ankasungitsa kwathu. Chikadalipo. Mukuchifuna?"

A Yesaya anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Pagalasi paja Pauline anatembenuka, n'kuyang'ana kamera, n'kuseka ndi mano onse, ngati munthu amene wadikira zaka zitatu kuti nthabwala yake ifike.

"Mayi iwe," anatero a Yesaya, akupukusa mutu, kumwetulira kukuwakanika kubisa. "Nthochi zosapsa zonse zija unkandiyang'ana ndikudya."

Kenaka anafunsa osacheuka.

"Filimuyi asebele anga adzaionera?"

"Munati mudzaionetsa pabwalo, mudzi wonse ulipo."

"Ndinatero?"

"Lolemba, pa geti. Ndiye ndiwauze abwana za kabokosi kaja?"

A Yesaya anavala chipewa, n'kuyamba kukulunga kamera m'thaulo mosamala.

"Kabokosi kantchito yanji? Iwe sukuona kuti mkamwiniyu wazolowera bwinobwino?"