Ovolosi Kapena Jekete ndi Thalauza

Pamsika wa ku Ridder, pamzere wa ogula zovala zachisanu, Marzhan anali atanyamula jekete ndi thalauza lake. Bambo wina wachikulire amene anali kumbuyo kwake anazigwira n'kupukusa mutu.

"Mwanangu, izi n'zokwerera njinga yamoto ya pachipale chofewa?"

"Eya, bambo. Mawa ndikupita kuphiri kukaona akavalo."

"Ndiye tenga ovolosi. Ukagwa utavala ziwirizi, chipale chimalowera m'chiunomu. Ine chinandigoneka m'chipatala milungu itatu."

"Inu ndinu mwamuna, bambo. Mukafuna kutaya madzi mumangotembenukira kumbali. Ine ndizikavula zonse mpaka m'mawondo, chimphepo chikuwomba?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Apo wandigwira! Koma bwanji osatuma amuna ako?"

"Tinawaika m'manda mwezi watha. Ovolosi yawo ilipo, koma ndikaivala ndikumaponda miyendo yake."

"Pepa mwanangu, sindimadziwa. Nanga alamu ako?"

"Alamuwo akuti akavalo ndiwasiyire iwo, ati mkazi sangafike kuphiriko."

"Njingayo umaitha?"

"Ndagwa nayo kanayi. Dzulo sindinagwe."

Bamboyo anagwiranso thalauza lija.

"Ndiye thalauza limenelo lisiye. Tenga lamalamba, lofika pachifuwa, ndipo jeketeyo uziimanga zolimba m'chiuno. Chipale chidzasowa polowera."

Marzhan anafika kutsogolo kwa mayi wogulitsa n'kuloza pamwamba.

"Mayi, ndipatseni lamalambalo, ndi jekete yake. Yakudayo ayi, yofiirayo. Ndikufuna ndikamakwera phirilo, alamu anga azindiona ali pakhomo pawo."