Amalume Anakana Mpeni Wachiwiri

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Kwa amene simundidziwa, ndine Nabanda, kwathu ndi kwa Msakambewa. Musaone kuondaku. Ndinali mayi wathupi ine, wosenza thumba la chimanga osatula panjira.

Tsiku lina tikupalira, m'mimba munandipota. Ndinati zisiya zokha. Ndinachedwa, abale. Pofika ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, matumbo anali atapotana n'kuwola. Anadula. Anadula ambiri! Anandisiyira kachidutswa, n'kuboola pamimba apa, n'kumatapo kathumba.

Kuyambira pamenepo chakudya chinasanduka mlendo wongodutsa. Ndikadya, chatuluka. Ndikamwa, zatuluka. Amayi anga, mwa chikondi chawo, ankandimwetsa thobwa ndi madzi ambirimbiri, osadziwa kuti madzi wambawo ndi amene akundiumitsa. Ndinauma ngati phesi. Ana anga ankaopa kundiyang'ana. Kutchalitchi ndinaleka chifukwa cha fungo. Sindikubisirani, ndinapempha imfa. Ndinaipempha ndithu, koma sinabwere.

Amuna anga, aPhiri, anandibwezera kuchipatala kuja. Adokotala anati, "Mayi, njira zilipo, koma si zonse tingazithe kuno. Kunja amatalikitsa matumbo, ena amawaika a munthu wina. Kuno ayi. Kudyera m'mitsempha moyo wonse, kumudzi sizingatheke. Chimene tingathe n'kutsegulanso, tilumikize kachidutswako ndi thumbo lalikulu kuti madzi azikhalitsako m'thupi. Koma mwafooka kwambiri. Mwina simudzuka."

Inu mukudziwa, kwathu kuno mkamwini salamula pa moyo wa mwana wa eni. APhiri anakwera minibasi kukauza amalume, eni mbumba. Amalume anati, "Mpeni woyamba mwaona zimene wachita. Wachiwiri ndi manda. Bwerani naye adzafere pakhomo. Mukandinyozera, malirowo mudzawaone nokha, ndipo munda wa mbumba muusiye."

Anabwerera aPhiri, n'kukhala pasimenti pafupi ndi bedi langa. Adokotala anati thupi ndi langa, mawu anga akwana. Ee, zimenezo ndi za kuchipatala. Kumudzi mlandu ukagwera mwamuna wanga.

Ndinati, "Bambo, tiyeni tizipita. Ndikafere kwathu, ana asasowe munda."

Iwo anati, "Munda sulera ana. Vomera. Ukafa, manda ndidzakumba ndekha."

Abale, ndinalira! Misozi ndinalibe, thupi linali litauma, koma ndinalira. Ndinati, Yehova, ngati mukunditenga, nditengereni patebulo pomwepo, ndatopa. Ndinavomera.

Ndinadzuka, abale. Ndinadzuka! Kathumba kaja kanachoka.

Koma sindinama pamaso pa Mulungu kuti ndachira. Ndimadya pang'onopang'ono ngati nkhuku. Madzi anga ndi othira mchere ndi shuga. Chimbudzi sindichitalikira. Khasu sindigwira, ndipo masiku ena ngakhale kudzuka pamphasa ndi nkhondo.

Amalume nawo mawu awo sanabweze. Ndili moyo, komabe munda anatilanda, akuti tinawaderera. Lero tili kuno ku Bowe, paesiteti ya fodya, aPhiri akulima okha ntchito ya anthu awiri. Posachedwapa tinakumana nawo amalume pamaliro. Ndinagwada, ndinawapatsa moni. Anandiyang'ana, n'kuti, "Ukadali moyo?" Ndinati, "Ndikadali moyo, amalume." Anayang'ana kumbali. Zimenezo zinandipweteka kuposa mpeni.

Mundipempherere, abale ndi alongo. Mupempherere amalume anga. Mupempherere amuna anga, bambo awo akhala kumbuyo uko, aweramitsa mutuwo. Munda tilibe. Kwathu tilibe. Mphamvu ndilibe. Chothokoza ndili nacho chimodzi chokha. M'mawa uno mwana wanga wamng'ono anaitana ali panja, "Amayi!"

Ndipo ndinayankha.

Ambuye alemekezeke. Ameni.