Achemwali Athu Graciete

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 konkuno ku Tortosendo, m'banja la bambo Abílio ndi mayi Deolinda Valadas. Anali oyamba mwa ana atatu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Custódio, chitsirizira m'banjamo.

Ambiri muno munawadziwa ndi dzina lina, limene anapatsidwa pa ubatizo. Dzinalo simulimva lero. Dzulo azakhali anandipempha kuti pofotokoza za ubwana wawo nditchule lakalelo, poti ndi lomwe lili pa masatifiketi. Ndinakana. Amene anayamba sukulu mu 1968 ndi mayi Graciete Valadas. Amene analowa ntchito pa fakitale yoluka ubweya mu 1975, ali ndi zaka khumi ndi zinayi zokha, ndi mayi Graciete. Ngakhale usilikali wa mu 1981, amene anaupirira ndi iwo omwewo.

Mu 1984 anamanga banja ndi mayi Ilda, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Solange. Banjalo linatha popanda mkangano mu 1993, malemu atalimba mtima n'kuulula zimene anasunga kuyambira ali aang'ono, zoti iwo ndi mkazi. Malemu anasamukira ku mzinda wa Setúbal kumene anatsegula shopu yosoka madiresi a ukwati, ndipo mu 2011, lamulo litalola, anasintha dzina pa zikalata za boma. Solange anawafunsa kuti tsopano aziwaitana bwanji. Iwo anaseka, n'kumuuza kuti iye yekhayo apitirize kunena kuti bambo. Mwana anafunsa. Ine mlongo wawo sindinafunsepo.

Mayi athu atamwalira mu 2014, ndine ndinalemba chidziwitso cha maliro chimene chinamatidwa pa chitseko cha tchalitchi chino. Pa mayina a ana ndinaikapo dzina lakale lija. Ndinkati ndikuthawa manong'onong'o a anthu. Malemu anafika atayenda maola anayi, anawerenga pepalalo, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo ngati mlendo pa maliro a mayi awo owabereka. Ndinawaona, koma sindinadzuke. Panadutsa zaka zisanu ndi zinayi tisakulankhulana, ndipo wolakwa ndinali ine.

Mu 2023 anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Nditapita kukawazonda kuchipatala, ngakhale kupepesa kumene kunandikanika. Iwo anandigwira dzanja nati: "Iwe Custódio, dazi lonseli koma nzeru ayi ndithu? Ukadzaima pamaso pa anthu usadzandidule pawiri. Amene ankakubereka popita kusukulu uja ndine yemweyu."

Anatisiya Lachiwiri pa 4 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 63. Asiya mwana wawo Solange, zidzukulu ziwiri, mng'ono wawo mayi Lurdes, ine, komanso bambo Armindo amene akhala nawo m'nyumba imodzi zaka khumi ndi ziwiri.

Banja likuthokoza mayi Ilda, amene anasiya zawo zonse n'kukawadwazika miyezi yomaliza. Likuthokozanso atelala anzawo a ku Setúbal amene asoka diresi limene agona nalo, ndi abambo mfumu amene pa mwambo wonse wa Misa awatchula ndi dzina lawo.

Pali mawu amene anawadikira kwa ine zaka makumi atatu, ndipo ndikuwanena pamene iwo sangathenso kumva. Achemwali anga Graciete, ndikhululukireni. Usani mumtendere.