Mipando Yopanda Anthu pa Maliro a Piyatissa Dambagolla

Malemu achimwene anga, Bambo Piyatissa Dambagolla, anabadwa pa 9 Malichi 1949 m'mudzi uno wa Kelegama, m'nyumba yakale imene inali pomwe pali chitsime apo. Ine ndine Leelawathi, mlongo wawo wotsiriza, ndipo banja landituma kuwerenga mbiri yawo pamaso pa amonke olemekezeka a kukachisi kwathu ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa. Ndaona mukusuzumira mzere wa mipando yakutsogoloyi, imene tinakonzera aphungu koma palibe wakhalapo, ndipo manong'onong'o ena andifika. Dekhani, nkhani ya mipandoyi ndifikapo.

Makolo athu anali alimi a mpunga, ndipo malemu anali oyamba mwa ana asanu. Anayamba sukulu mu 1955 pasukulu ya kukachisi, n'kukapitiriza ku Kurunegala. Kuyambira ali aang'ono anali munthu wa mafunso. Mayi athu ankadandaula kuti mwana ameneyu ukamutuma mchere, amayamba wafunsa amene akaudye. Mu 1969 anapita ku yunivesite ya Peradeniya, kenako anakaphunzira zamalamulo ku Colombo, ndipo mu 1975 anayamba ntchito ya uloya.

Mu 1978 anakwatira alamu anga, Mayi Kusumalatha. Wowerenga nyenyezi ananena kuti awiriwa sadzakangana. Analakwitsa, chifukwa anakangana sabata yoyamba yomwe, koma banjalo lakhala zaka zoposa makumi anayi, ndipo munabadwa ana atatu, woyamba Nilmini. Zaka zonsezo malemu ankaimira alimi pa milandu ya malire a minda ndi ya madzi a m'ngalande. Ambiri ankawathokoza ndi kokonati ndi nthochi, moti alamu anga ankati anakwatiwa ndi msika.

Mu 2004 munawasankha kukhala phungu wanu. Inu nomwe mukudziwa mmene timayesera phungu kuno. Mbendera zoyera zolengeza maliro zikangomangidwa m'msewu, maso onse amakhala pachipata kudikira galimoto yake. Phungu akhoza kulephera kukonza mlatho timukhululukira, koma akajomba kumaliro watha. Malemu sankajomba. Zovala zoyera za kumaliro zinkakhaliratu m'galimoto.

Mu 2012 damu lathu lalikulu linaphulika, madzi n'kukokolola minda, nyumba ndi anthu. Linali litangokonzedwa kumene ndi kampani ina imene sindiitchula pamalo olemekezeka ano. Kenako zinamveka kuti kampaniyo inapereka ziphuphu kuti ntchito yosalimba ivomerezedwe. Mmodzi mwa oferedwa anali a Heenbanda, anzawo a malemu a kusukulu, amene anataya akazi awo ndi mdzukulu. Iwo ndi amene anatsogolera mudzi kukadandaula, ndipo anauza malemu kuti safuna zambiri, angofuna tsiku lina adzaime pamaso pa woweruza n'kunena zimene anaona.

Patapita zaka, mlandu usanayambe n'komwe, ku Nyumba ya Malamulo kunabwera lamulo latsopano. Linkalola kampani yogwidwa ndi ziphuphu kuvomera kulakwa, kulipira chindapusa ndi kulonjeza kusintha, ndiye boma liimitse mlandu. Kampaniyo ikasunga lonjezo, mlandu uthere pomwepo osazengedwa. Malemu anali m'komiti younika lamuloli. Sanalikane, chifukwa ankadziwa kuti mlandu kuno umatha kukalamba kuposa mwini wake. Koma ankanena kuti ndi chitseko chopanda mpiringidzo, ndipo analibwereza liwuli mpaka anzawo anawapatsa dzina loti a Mpiringidzo.

Anapempha zinthu zitatu. Choyamba, woweruza avomereze mgwirizano wotero poyera, osati kuchipinda. Chachiwiri, usindikizidwe kuti aliyense awerenge. Ziwirizi anazipeza m'komiti, atakangana mpaka mawu kusasa. Chachitatu, chimene chinali pamtima pawo, chinali chakuti woweruza asavomereze kanthu asanamve anthu amene anapwetekedwa. Ichi komiti inachikana, akuti chichedwetsa zinthu. Panatsala njira imodzi: kuimirira m'Nyumba yonse pamene ndime ya lamulolo yokhudza nkhaniyi yaitanidwa, n'kupempha kuti isinthidwe. Amene munaonererapo mukudziwa kuti ndime zimaitanidwa mothamanga ngati kondakitala woitanira basi. Ukapanda kuimirira pa nthawi yake, yadutsa.

Sabata yomweyo a Heenbanda anamwalira, ndipo mwambo wa maliro awo unagwera tsiku lomwe ndimeyo inali kukaitanidwa. Alamu anga anawauza kuti, "Atate a Nilmini, pitani ku Colombo, kumaliro ndikakuimirirani ine." Iwo anayankha kuti, "Ndikapanda kuoneka pa maliro a Heenbanda, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?" Anapempha phungu mnzawo, a Lalantha Kotuwegedara, kuti akaimirire m'malo mwawo, ndipo iwo analonjeza. Pamene malemu anali kuno, atagwira chikho limodzi ndi ana amasiye n'kumathira madzi pamaso pa amonke monga mwa mwambo wathu wa maliro, ndimeyo inaitanidwa. A Kotuwegedara sanaimirire. Anadzafotokoza pambuyo pake kuti akuluakulu a chipani anawagwira mkono.

Mwina ena mukuti malemu analakwa. Iwonso ankatero mpaka tsiku lomaliza. Koma ndinene poyera, ngakhale pali amonke: akanapanda kubwera tsiku lija, mudzi uno ukanawadya amoyo, ndipo ena mwakhala panoli mukanatsogolera.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Kampani ija inagwirizana ndi boma. Woweruza anavomereza poyera, nyuzipepala zinasindikiza, monga malemu anamenyera. Koma a Kelegama tinangomva pa wailesi ngati nkhani ya kudziko lina. Palibe amene anafunsidwa kanthu. Mwana wa a Heenbanda, Mayi Dayawathi, anabwera pachipata apo, nakana kulowa, n'kunena kuti, "Munabwera kudzalira bambo anga, zikomo. Koma bambo anga anakutumani ku Colombo, sanakutumeni kumaliro."

Pa chisankho chotsatira sanaimenso. Anabwerera kumunda, koma nkhaniyi sanaisiye. Phungu aliyense wodutsa m'dera lino ankagwidwa, kumwetsedwa tiyi ndi kukumbutsidwa za ndime ija, mpaka ena anayamba kuzungulira njira ya kumsika. Kumaliro ankapitabe, koma ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo akapemphedwa kulankhula ankakana. Zimandipweteka kuti munthu amene anakonda anthu ake chotero anakhala zaka zake zomaliza akuchita manyazi pamaso pawo.

Chaka chatha anayamba kudwala impso. Analowa ndi kutuluka m'chipatala ku Kurunegala, ndipo mwezi watha madokotala anatiuza kuti tingowatengera kunyumba. Ali chigonere anamva kuti komiti ikhalanso kuunika lamulo lija, ndipo kuti ndime yawo yabwereranso patebulo. Anasangalala, anadya mpunga mbale yonse, koma thupi linali litatopa. Anamwalira Lolemba m'mawa, alamu anga atawagwira dzanja.

Tsopano za mipando. Komiti imeneyo ikukhala lero. Malemu, ataona kuti masiku angadzawombane, anatiitana n'kutilamula kuti, "Mipando ya aphungu mudzaikonze, koma aliyense wa iwo akabwera mudzam'bweze pachipata. Anthu adzaone kuti ali kuntchito." Choncho palibe amene watinyoza. Tinawaimbira onse kuti asabwere. Mmodzi yekha sanamve, a Kotuwegedara, amene anafika m'mawa ndi nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala. Alamu anga anawachingamira n'kuwauza kuti, "Maluwa talandira, bambo. Msewu wa ku Colombo mukuudziwa, ndipo mukanyamuka pompano mukafika." A Kotuwegedara anatembenuza galimoto. Ngati lero akalankhula kapena agwidwanso mkono, sitikudziwa, ndipo achimwene sadzadziwa.

Malemu asiya akazi awo Mayi Kusumalatha, ana atatu, Nilmini, Asanka ndi Thushari, adzukulu asanu ndi mmodzi, ndi alongo awo awiri, ine ndi akulu anga a Seelawathi, amene miyendo yawakaniza kufika. Tikuthokoza amonke a kukachisi kwathu, anamwino amene anapirira mafunso awo, achinyamata amene amanga mbendera, ndi anansi amene mwatidyetsa chiyambire Lolemba, popeza m'nyumba ya maliro simuyatsidwa moto.

Dzulo tinapeza mphika wa mpunga, maungu ndi nsomba zouma pakhomo la kukhitchini, wosiya osaoneka. Alamu anga anauzindikira mphikawo kuti ndi wa kwa a Heenbanda. Mayi Dayawathi, ndakuonani mwaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira mwambo uno uyambe. Malemu anasiya mawu enanso, ndipo ndi anu. Anati mukabwera, mpando umodzi wakutsogolowu ndi wanu, ndipo tisanyamule thupi lawo musanalankhule. Zimene bambo anu anafuna kukanena kwa woweruza, zinenedwe pano, ngakhale zikhale zowawa, ngakhale zikhale za iwo amene agona apa. Palibe akudulani mawu. Ngati simufuna, palibenso akukakamizani, koma tidikira.

Mukatha inu, ndiye tiwaperekeze. Achimwene, pumani mumtendere, ndipo mukapeze Nibbana, mtendere wotsiriza wopanda mavuto.