Mfuti pa Khomo la Laibulale

Loweruka m'mawa, tikudikira kuti atsegule laibulale ya m'tauni mwathu, mayi wina wachikulire atafungata mabuku a ana anayang'ana pa chitseko, kenako pa mfuti imene inali pa lamba wa bambo amene anaima pambuyo pake.

"Chikwangwani choletsa mfuti chija chapita kuti?"

"Anachichotsa, mayi. Boma la Michigan linati tauni ilibe mphamvu yoletsa. Ine chiphaso ndili nacho."

"Bambo anganso anali nacho. Nyengo yosaka agwape ankafika kuno akuchokera kunkhalango, matope mpaka m'mawondo. Mayi Haugen, oyang'anira laibulale aja, ankalandira mfuti za alenje pakhomo pano n'kuziimika m'kabati ya matsache."

"Aa, Mayi Haugen, afupiafupi aja! Ankamangirira khadi la laibulale pa mfuti iliyonse. Amalume anga anachedwa kubweza buku, mfuti yawo inagona ndi matsache sabata yathunthu."

"Lamulo kunalibetu. Ankangotambasula dzanja basi."

"Mulungu awapumitse. Inu mwadzabweza mabukuwo?"

"Ayi, ndimawerengera ana nthano. Amakhala pansi, bambo, ndiye maso awo amalekezera pa lamba wanupo. Sabata yatha anabwera atatu okha, makolo akuopa. Akapanda kubwera lero, basi ndisiya."

Bamboyo anatuluka pamzere.

"Mundisungire malo, mayi. Ndikaitsekere mfutiyi m'galimoto."

"Lamulotu silikukukakamizani."

"Ndikudziwa. Ndikabwerako mundipatse mabukuwo ndikunyamulireni, akukulemerani."